Injini imene imazima mukaweramitsa ndege

Aliyense amene anaulutsapo ndege ya nkhondo ya ku Britain ya Spitfire Mk I mu gemu ya pa kompyuta ya IL-2 Sturmovik: Cliffs of Dover akuwadziwa masekondi awiri amenewa. Mwakhala mukuizembera Bf 109E, ndege ya Ajeremani, pamwamba pa nyanja ya English Channel, yadzaza galasi lolozera mfuti, chala chili kale pa batani. Mjeremani uja wakuonani. Angokankha ndodo kutsogolo, mphuno ya ndege yake n'kuloza kunyanja. Inunso mukukankha, poti dzanja limachita lokha zimenezo. Pomwepo injini ikutsokomola, phokoso likuduka, singano ya rpm, yoonetsa maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi, ikugwa. Pamene ikudzuka n'kulavula utsi wakuda, mnzanu uja ndi kadontho chabe kumunsi uko.

Ongoyamba kumene amati gemu yalakwitsa. Koma oyendetsa ndege a RAF, gulu la ndege za nkhondo la Britain, ankakumana ndi zomwezi mu 1940, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndipo masekondi awiriwa ndi amene amaonetsa ngati opanga gemu anaimvetsa injini kapena anangokopera manambala m'buku.

## Zimene zimachitika mu kabureta

Spitfire Mk I ndi Hurricane Mk I zinkayendera Rolls-Royce Merlin, injini ya masilinda 12 oikidwa ngati chilembo V, ya malita 27. Petulo ankadutsa mu kabureta ya SU, ya mtundu wa fuloti. Amene anamasulapo kabureta ya njinga yamoto akuidziwa: kambale kosungira petulo, m'kati mwake muli fuloti yoyandama, fulotiyo imakankha kasingano kotseka polowera mafuta. Petulo akachepa fuloti imatsika, kasingano kamatseguka. Akadzaza fuloti imakwera n'kutseka. Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, chakuti pansi pakhale pansi.

Mukakankha ndodo mwamphamvu, zinthu zonse za mu ndege zimafuna kukwera m'mwamba, inu mumanyamuka pa mpando n'kugwidwa ndi malamba. Petulo wa m'kambale muja nayenso amathawira ku denga la kambaleko. Majeti amene amamwa petulo ali pansi, ndiye amayamba kukoka mpweya wokhawokha. Injini imazima ndi njala. Ili ndi gawo loyamba, ndipo ndi lalifupi.

Gawo lachiwiri ndi limene magemu ambiri amaliiwala. Petulo ali ku denga, ndiye fuloti imayandama chozondoka, imathawira pansi pa kambale. Fuloti ikakhala pansi, kasingano kamatseguka konse, pampu n'kumangothira. Kambale kamasefukira, ndipo injini imene imafa ndi njala posachedwapa tsopano ikutsamwa ndi petulo wochuluka. Utsi wakuda uja umachokera apa. Kuzima kwachiwiriku ndi kumene kumatenga nthawi, ndipo n'kumene kunkaopsa kwambiri.

Bf 109E inalibe vuto ili chifukwa Daimler-Benz DB 601 inalibe kabureta. Pampu ya Bosch inkabayira petulo mu silinda iliyonse mwachindunji, kaya ndege yaima chotani. Ajeremani anazindikira msanga kuti kuwerama ndiye pothawira pawo. A RAF anaphunzira kuyamba agubuduza ndege chagada kenako n'kukoka ndodo, kuti petulo akhalebe pansi pa kambale. Njirayi inkagwira, koma inkadya nthawi, ndipo adani ankakhala atapita.

Mankhwala oyamba anachokera kwa Beatrice Shilling, injiniya wa ku Royal Aircraft Establishment ku Farnborough. Anapanga kachitsulo ka brasi kokhala ndi bowo, kokaika pa paipi yolowetsa petulo mu kabureta. Bowolo analiyeza kuti lizidutsa petulo wongokwanira injini ikakhala pa mphamvu zake zonse, osapitirira apo. Kumayambiriro kwa 1941 iye ndi gulu lake anayendera mabwalo a ndege n'kumakaika. Taonani bwino apa: kachitsuloko kanathetsa kusefukira, koma njala ya poyamba ija inatsala. Vutoli linadzatheratu ndi makabureta a Bendix-Stromberg opanda fuloti, ngati a pa Merlin 66 mu 1943.

## Njira ziwiri zolembera zimenezi mu kompyuta

Njira yachidule ndi mzere umodzi: g (mphamvu imene imakukanikizirani pa mpando) akatsika kupitirira ziro, zimitsa injini, akabwerera, yatsa. Wosewera amamva kutsokomola, amakhutira.

Njira yoona imayamba ndi kambale kaja. Pulogalamu imasunga nambala ya kuchuluka kwa petulo m'kambale, ndipo maulendo ambirimbiri pa sekondi imawerengera wolowa ndi wotuluka. Wolowa amadalira puresha ya pampu ndi mmene kasingano katsegukira. Kutseguka kwa kasingano kumadalira pamene fuloti ili, ndipo fuloti imatsatira g. Wotuluka amadalira ngati majeti amira mu petulo kapena ayi. Mukagawa mpweya wolowa mu injini ndi petulo wotulukayo mumapeza msakanizo. Petulo amapsa yense bwinobwino pa magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera, ndipo mphamvu zambiri zimapezeka cha pa 12.5. Mukapita kutali mbali iliyonse moto sugwira.

Mukalemba chonchi, zinthu zimene simunazilembe zimayamba kuoneka zokha. Kukankha pang'ono kwa theka la sekondi kumangobweretsa kutsokomola kumodzi. Kukankha kwa masekondi atatu kumasefukiritsa kambale, ndipo injini imachedwa kudzuka ngakhale mwawongola kale ndege. Kuti muike kachitsulo ka Shilling mu ndege ya 1941 simulembanso china chilichonse, mumangoika malire pa nambala ya petulo wolowa, ndipo gawo lachiwiri limachepa lokha gawo loyamba likadalipo, monga zinalili.

Palinso pulopela. Injini ikazima mumlengalenga siima, mphepo imapitiriza kuizungulitsa, n'chifukwa chake imadzukanso popanda sitata. Ngati ndege ili ndi pulopela yosunga liwiro limodzi, gavanala wake amaona rpm ikugwa n'kupendeketsa mapeni kuti apepuke. Mphamvu zikabwerera mwadzidzidzi zimapeza mapeni ali opepuka, rpm imalumpha kupitirira 3,000 kwa kamphindi gavanala asanaigwire. Kulira kokwera kumeneko mumakumva m'makutu. Gemu imene imakutulutsa ndiye kuti injini, gavanala ndi pulopela zikulankhulana.

## Mpweya ndiye chakudya chenicheni

Petulo ndi wosavuta kuthira. Chovuta ndi mpweya, chifukwa pa mamita 5,500 puresha yake imakhala itatsika kufika theka la ya pa nyanja. Supercharger ndi fani yozungulitsidwa ndi injini yomwe, yokankhira mpweya m'masilinda, ndipo khalidwe la ndege iliyonse ya nkhondoyi limachokera pa fani imeneyi kuposa china chilichonse.

Pa Merlin III fani ili ndi giya imodzi. Pansi imakankha mpweya wochuluka kuposa umene injini ingapirire, ndiye kachipangizo koyang'anira boost (puresha ya mpweya wokankhidwira m'masilinda) kamaletsa chitseko cha throttle, cholowetsa mpweya mu injini, kutseguka chonse, ngakhale inu mwakankha chogwirira mpaka kumapeto. Mukamakwera chitsekocho chimanka chitseguka pang'onopang'ono kuti boost ikhalebe pa mapaundi +6¼. Cha pa mafiti 16,250 chimakhala chatseguka chonse, ndipo pamenepo injini imapereka mahosipawa 1,030. Kupitirira apo palibenso chotsegula, boost imayamba kugwa, mphamvu nazo zimagwa.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kuchokera pansi kufika pa msinkhu umenewo mphamvu zimakwera pang'ono. Mpweya wa kumwamba ndi wozizira, utsi umatuluka mosavuta poti kunja kulibe puresha yambiri youbweza, ndiponso injini siikulimbana ndi chitseko chotseka theka. Gemu imene injini yake ili ndi mphamvu zambiri pa nyanja n'kumangotsika mokhazikika yajambula injini ya galimoto.

Petulo wa okiteni 100, wopirira kupanikizika kwambiri osaphulika yekha, atafika mu 1940, a RAF analoledwa kufika +12 kwa mphindi zisanu pa ngozi, ndipo Merlin III inkapereka mahosipawa 1,310 pa mafiti 9,000. Fani sinasinthe, choncho phindu limeneli linali la m'munsi mokha. Pa mafiti 20,000 batani la +12 silikupatsani kanthu. Ngati mu gemu likukupatsani, pali cholakwika.

Merlin 61 ya Spitfire Mk IX ya 1942, ntchito ya injiniya wa Rolls-Royce Stanley Hooker ndi anzake, inali ndi mafani awiri otsatizana, magiya awiri, ndi radiyeta yoziziritsa mpweya wopanikizidwa usanalowe m'masilinda. Mukajambula mphamvu zake pa pepala mumapeza nsonga ziwiri ndi chigwa pakati, pamene giya yoyamba yatha mphamvu koma yachiwiri ikudya mahosipawa ambiri kuti izungulire. DB 601 ndi DB 605 zinkayendetsa fani kudzera mu kalachi ya oyilo yosintha liwiro mosaduka, ndiye mzere wake ndi wosalala. Wosewera wodziwa amakokera mdani wake wa Spitfire Mk IX mu chigwa chija. Allison V-1710 ya ndege za ku America za P-39 ndi P-40 inali ndi fani imodzi ya giya imodzi, n'chifukwa chake ndegezi zinkachita bwino m'munsi ku nkhondo ya ku Soviet Union ndi ku chipululu cha kumpoto kwa Africa koma n'kumawefuka kumwamba.

Pamenepa pali msampha wa mageji. A Britain ankayeza mapaundi oonjezera pa puresha ya pa nyanja, Ajeremani ankayeza ata (ata imodzi ndi pafupifupi puresha ya mpweya ya pa nyanja), Amereka mainchi a mekyule, a Soviet mamilimita a mekyule. +12 ya ku Britain ndi mainchi pafupifupi 54, kapena ata 1.88. Ndipo ata 1.42 ya DB 605 ndi pafupifupi +5.5 yokha. Izi sizitanthauza kuti injini ya Daimler-Benz inali yofooka. DB 601 inali ya malita 33.9 poyerekeza ndi 27 a Merlin, inkapeza mphamvu zake ndi kukula, ndipo nthawi zambiri inkamwa petulo wa B4 wa okiteni 87.

## Kutentha

Mu gemu, injini yoziziritsidwa ndi madzi imafuna manambala osachepera atatu osiyana: kutentha kwa chitsulo, kwa madzi, ndi kwa oyilo. Chilichonse chimatentha ndi kuzizira pa liwiro lake. Madzi amayankha msanga, oyilo amachedwa. Radiyeta imachotsa kutentha molingana ndi mpweya woidutsa, ndiye liwiro la ndege, msinkhu, nyengo ndi kutseguka kwa chitseko cha radiyeta zonse zimalowa m'sawerengero.

Spitfire zoyambirira zinali ndi radiyeta pansi pa phiko lakumanja, kunja kwa mphepo yambiri ya pulopela, ndipo mwendo wa tayala ukatsika unkaitchinga. Mukachedwa pa bwalo madzi ankawira musananyamuke. Komanso simunyamuka ndi injini yozizira: malangizo a Spitfire Mk IX amafuna oyilo afike madigiri 15 ndipo madzi 60. Oyilo wozizira ndi wokhuthala ngati uchi, puresha yake imakwera kupyola muyeso, koma safika bwino m'mabering'i. Mu gemu ya DCS World, mukaikankha P-51D ya ku America kapena Spitfire oyilo asanafunde, injini ikhoza kukufera mutangochoka pansi.

Chipolopolo chimodzi pa radiyeta chimasiya mzere woyera kumbuyo, ndipo injini imakhala ndi mphindi zowerengeka. Apa gemu yabwino imawerengera madzi otsala: bowo lalikulu limakhuthula msanga, ndipo kuchepetsa throttle kumakugulirani mtunda. BMW 801 ya ndege ya Ajeremani ya Fw 190A, ya masilinda 14 oziziritsidwa ndi mpweya, ilibe madzi otaya. Vuto lake linali mzere wa masilinda a kumbuyo umene unkatentha kwambiri pa ndege zoyamba, ngakhale kutsogolo kunali fani ya mapeni 12 yokankhira mpweya.

## Wotchi yobisika

Apa ndi pamene ine ndimatsutsana ndi magemu ena otchuka. Buku la P-51D limati mainchi 67 pa 3,000 rpm ndi a mphindi zisanu. Mu IL-2 Sturmovik: Great Battles malire ngati amenewa anawasandutsa wotchi: mukapitirira nthawi ya m'buku, injini imayamba kuonongeka, ngakhale mageji onse akuonetsa bwino. Osewera akhala akukangana za izi kwa zaka.

Mphindi zisanu za m'buku zinali zoteteza moyo wa injini, kuti ifike maola ake isanakamasulidwe. Pa P-51 panali kawaya kotchinga chogwirira cha throttle. Woyendetsa akakadula kuti afike pa mphamvu za pa ngozi, amakaniko ankaona kawaya koduka n'kudziwa kuti injiniyi ikufunika kuyenderedwa, mapulagi ndi sefa ya oyilo. Mu December 1942 kampani ya Allison inalemba kalata yonena kuti magulu ena a P-40 akhala akuyendetsa injini zawo pa puresha yoposa kutali ya m'buku kwa nthawi yaitali. Kampaniyo inada nazo nkhawa, koma injinizo zinkapirira.

Chimene chimapha injini pompopompo ndi kugogoda. Pulagi ikayatsa, moto umayenera kuyenda bwinobwino kudutsa mu silinda. Msakanizo umene moto sunaufike ukapanikizika ndi kutentha kwambiri umaphulika wokha, kuphulikako n'kumenya pisitoni ngati hamala. Zoyambitsa zake zimadziwika ndipo zonse kompyuta ingathe kuziwerengera: boost yokwera, mpweya wolowa wotentha, msakanizo wochepa petulo, okiteni yotsika, ndi rpm yotsika pa boost yokwera. Chomalizachi ndiye gwero la lamulo limene wophunzira aliyense ankaloweza: pokweza mphamvu yambani ndi rpm kenako throttle, potsitsa yambani ndi throttle kenako rpm. N'chifukwa chakenso MW 50, msakanizo wa methanol ndi madzi theka ndi theka wa pa Bf 109 K-4, unkalola boost yokwera: unkaziziritsa mpweya wolowa. Thanki yake ikauma inu throttle ili pomwepo, kugogoda kumayamba nthawi yomweyo, ndipo pamenepo ndi pamene injini iyenera kufa msanga.

Sindikunena kuti malire onse anali a ulemu chabe. DB 605A inkaotcha mapisitoni pa ata 1.42, ndipo kwa nthawi yaitali mu 1942 ndi 1943 oyendetsa Bf 109G analetsedwa kupitirira 1.30. Gemu ya chaka chimenecho iyenera kutseka mphamvu imeneyo. Chimene ndikukana ndi wotchi imodzi yophera injini zonse mofanana.

Opanga magemu ali ndi chifukwa chawo, ndipo n'chomveka. Mu gemu mumalandira ndege yatsopano ulendo uliwonse, palibe makaniko wokukalipirani, ndiye popanda chilango aliyense angauluke pa mphamvu za pa ngozi kuyambira ponyamuka mpaka potera. Yankho labwino linaonetsedwa ndi A2A Simulations pa Spitfire ndi P-51 zawo za Accu-Sim: injini imakumbukira. Mapulagi amada, masilinda amatha, ndipo mawa mumapeza injini imene munaizunza dzulo. Mu kampeni ya nkhondo chilango chimenechi n'chokwanira.

Wotchi imabisanso kusiyana kwa ntchito ya m'manja. Woyendetsa Fw 190 anali ndi chogwirira chimodzi, poti Kommandogerät ya BMW 801 inkadzisankhira rpm, msakanizo, nthawi yoyatsira moto ndi giya ya supercharger. Woyendetsa P-47 ya ku America anali ndi throttle, rpm, msakanizo, turbo ndi zitseko zoziziritsira, zonse m'manja mwake nkhondo ili m'kati. Kulakwitsa dongosolo ndiko kunkaononga injini, ndipo gemu iyenera kulanga kulakwitsa kumeneko.

## Manambala amachokera kuti

Amachokera m'mabuku a oyendetsa ndege, m'mapepala a mafakitale, ndi m'malipoti a malo oyesera ndege ngati Boscombe Down, Rechlin ndi Wright Field. Ndege zimene zikuulukabe lero zimathandiza pa phokoso ndi kachitidwe ka pa bwalo, koma eni ake saziyendetsa pa mphamvu za pa nkhondo, ndipo petulo wake ndi wina. Malipoti a ndege zogwidwa amafuna kusamala. Woyendetsa ndege wa ku Germany Armin Faber atatera mwangozi ndi Fw 190A-3 pa bwalo la RAF Pembrey ku Britain mu June 1942, a Britain anapeza chuma, koma ndege yotere imayesedwa ndi amakaniko osaizolowera komanso opanda zida zake zosinthira. Lipoti limodzi silikwanira. Komanso ndege ziwiri zochoka mu fakitale imodzi sizinkathamanga mofanana ndendende, ndiye mkangano wa makilomita asanu pa ola nthawi zambiri ndi wopanda mutu.

## Yesani nokha

Sankhani ndege imodzi, nyengo ya bata, ndipo zimitsani zonse zokuthandizani kuyendetsa injini. Pa bwalo, ikani rpm pamene buku lanena n'kuzimitsa maginito imodzi mwa ziwiri zopereka moto ku mapulagi. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndiye rpm iyenera kutsika pang'ono, injini osazima. Isiyeni ikulira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali muone ngati mapulagi ada n'kuyamba kudumphitsa moto, ndiponso ngati madzi akukwera.

Ponyamuka kankhani throttle mofulumira. Spitfire ya Merlin iyenera kukokera kumanzere. Mk XIV ya injini ya Griffon, imene pulopela yake ya mapeni asanu imazungulira mbali ina, iyenera kukokera kumanja, ndipo mwamphamvu.

Kwerani pa boost imodzi, diso lili pa geji, mulembe msinkhu umene singano yayambira kugwa. Fananizani ndi buku. Bwerezani pa mapu a nyengo yozizira ndi a nyengo yotentha, muone ngati madzi ndi oyilo zikusiyana. Kenako tsitsani rpm kufika 2,000 throttle ili kumapeto, mumvetsere ngati injini ikudandaula.

Pomaliza tengani Spitfire Mk I kapena Hurricane, mukwere mafiti 10,000 n'kukankha ndodo kawiri: koyamba theka la sekondi, kachiwiri masekondi atatu. Werengani nthawi imene injini yatenga kuti idzuke ulendo uliwonse, ndipo pa ulendo wachiwiri mucheuke muone ngati kumbuyo kwatsala utsi wakuda.